Mlatho Umene Unachedwa Kugwa

M'dziko la Zonsezilibwino, wamng'ono salowa pakhomo wamkulu asanalowe. Ili ndiye lamulo loyamba la dzikolo, ndipo ena amati ndi lokhalo limene limagwira ntchito. Kuchipatala amayamba kuona nkhalamba ya chimfine, mwana wa malungo n'kumadikira panja. Ngakhale mbuzi zimalowa m'khola motsata zaka zobadwa. Muligwiritse lamulo limeneli, chifukwa ndi limene linasandutsa bambo Yotamu Chikadza kukhala mlatho, mkazi wawo n'kugona yekha mwamuna ali moyo.

Dzikoli linkalamulidwa ndi Mfumu ya Mafumu Ndaonakale Wachinayi, munthu wokonda kuona koma wodana ndi kuyenda. Nyumba yake inali mumzinda wa Tadyakale. Kuchokera kumeneko, ukayenda masiku awiri pa galimoto, mvula ikakhala kuti sinagwe, umafika ku Kwaiwalika, kumene kuli mtsinje wa Sukambirana. Mtsinjewo ndi wodzaza chaka chonse, ndipo ng'ona zake ndi zonenepa kuposa anthu a m'mbali mwake. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, aliyense wofuna kupita kumsika wa Tionabwanji kapena kuchipatala ankawoloka pa bwato la a Yotamu, amene sanagwetsepo ngakhale nkhuku m'madzi. Mkazi wawo, a Nagama, ankagulitsa tomato pamsika pomwepo, ndipo pakamwa pawo pankaopedwa ndi okhometsa ziphaso onse.

Tsono chaka china mfumu inalota mlatho. Ntchito inapatsidwa kwa kampani ya Timangamawa, ndipo miyezi itatu isanathe mlatho unaima, wopakidwa laimu, riboni ili lende uku ndi uku. Anthu anaona kuti mchenga unapita wambiri, simenti pang'ono, koma pa zikondwerero sanena zotere. Anautsegula pa tsiku loyamba la Novembala. Mfumu sinapiteko, msewu wake ndi wa mabampu. M'malo mwake inaitanitsa bwalo la nduna.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," inatero mfumu. "Sindikufuna wina azindiuza za mlatho wanga. Ndizikhala pano n'kumauona ndekha."

Tsiku lomwelo kunabadwa Unduna Woona za Kuona, ndipo nduna yake inali Olemekezeka Chakwaniratu, amene mwangozi chabe analinso mlamu wa mwini kampani ya Timangamawa. Ndunayo inatenga injiniya wa boma, a Waisoni Kadzuwa, bambo woonda amene imvi zinamera msanga chifukwa chofotokozera akuluakulu zinthu. Anapita kudoko, anazika mtengo wachitsulo pafupi ndi chikwangwani cha nkhope ya mfumu, n'kumangirirapo kamera, sola, batire ndi kabokosi kakuda.

"Kamera izijambula," anafotokoza a Waisoni. "Kabokosi aka kazisunga zojambulazo n'kumazitumiza pa netiweki kupita ku kilaudi. Kilaudiyo ndi makompyuta akuluakulu ali kunja kwa dziko. Tivi ya kunyumba yachifumu izitapa kumeneko."

"Basi zatheka," inatero nduna.

"Pali kavuto, bwana. Kudoko kuno netiweki ndi kamzere kamodzi. Zimene kamera yajambula tsiku limodzi zikufuna masiku anayi kuti zikwere. Mwina tichepetse ubwino wa chithunzi kuti chipepuke."

"Nkhope ya Mfumu ya Mafumu ioneke mbuu? Mwamwa chiyani m'mawa uno?"

"Kapena kabokosika tikakaike paphiri la Mvereni apo, pamene anthu amaimbira foni."

"Kakhale pamwamba kuposa chikwangwani cha mfumu? Kabokosi?"

A Waisoni anayesanso komaliza. "Ndiye yatsala njira imodzi. Zotsalira m'mbuyo tizizitaya, mfumu izingoona za pompano. Anzathu onse amatero."

Apa nduna inavula magalasi. "A Kadzuwa, munaleredwa kuti inu? Mukuti Lachinayi lilowe m'nyumba yachifumu Lolemba lili panja? Lolemba ndi wamkulu. Masiku aime pamzere, aliyense alowe nthawi yake ikakwana."

Masiku anaimadi pamzere m'kabokosi muja, ndipo mzerewo unkatalika tsiku ndi tsiku. Kunyumba yachifumu tivi inkaonetsa anthu akuwoloka mlatho pang'onopang'ono, mwendo kukwera, kuima m'malere, kenako kutsika. Mfumu inasangalala kwambiri. Inati sinkadziwa kuti anthu a ku Kwaiwalika ndi aulemu chotero, oyenda modekha pa katundu wa boma. Pakona imodzi ya tivi panali mawu ofiira akuti LAIVU, kutanthauza zochitika pompano, pakona ina panali deti la tsiku limene chithunzi chinajambulidwa. Nduna inamata sitika ya nkhope ya mfumu pa detilo, ndipo palibe amene akanayerekeza kumatula nkhope ya mfumu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri pa 9 Januwale, cha m'ma teni koloko m'mawa, Sukambirana anabwera ndi mitengo, nthochi ndi denga la munthu wina. Mlatho unalira kamodzi, unagwada, n'kupita. Mwamwayi panalibe munthu, kupatula njinga ya kabaza imene mwini wake anaisiya n'kuliyatsa liwiro. Panatsala zitsa ziwiri za simenti, chikwangwani, ndi kamera ikujambula mokhulupirika. Nthawi imeneyo n'kuti tivi ya mfumu ili pakati pa Novembala, riboni isanathothoke n'komwe.

A Yotamu, amene bwato lawo linali litagona chafufumimba kuseri kwa nyumba, analitembenuza, anamata phula m'ming'alu, n'kubwerera kuntchito. Sanafunse aliyense. Panali amayi awiri oyembekezera tsidya lina amene masiku awo anali atakwana. Anthu nawo analemba kalata yopita kulikulu, yaulemu bwino, yodziwitsa mfumu kuti mlatho wake watisiya.

Kalatayo inawerengedwa m'bwalo la nduna. Itatha, mfumu inangoloza tivi ndi ndodo yake. Mlatho unali pomwepo, woyera mbee, mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni ali pakati, mwendo uli m'malere.

"Icho n'chiyani?" inafunsa mfumu.

"Mlatho, Mfumu ya Mafumu!" nduna zonse zinayankhira pamodzi.

"Nanga mawu ofiirawo akuti chiyani?"

"Laivu, Mfumu ya Mafumu!"

Lamulo linatuluka madzulo omwewo. Kunena kuti mlatho wagwa ndi kutukwana diso la mfumu. Kuwolotsa anthu pa bwato pamalo pamene pali mlatho ndi kunyoza mlatho pamaso pa anthu. Sabata isanathe galimoto ya asilikali inafika kudoko. A Yotamu anawatenga nkhafi ili m'manja, n'kukawatsekera kundende ya Khalanikaye, bwato n'kulimanga ndi unyolo pamtengo wa mkuyu.

Koma anthu a ku Kwaiwalika, abale inu! Sanatsutse. Anamanga zigubu zinayizinayi n'kumawoloka atazikumbatira, wina akumenya madzi ndi nsungwi kuopseza ng'ona. Pamsika wa Tionabwanji macheza ake anali otere:

"Mwafika bwanji, achimwene?"

"Pa mlatho."

"Nanga mwanyowa bwanji mpaka m'khosi?"

"Thukuta. Mlatho wake ngwautali."

"Ndi zoona. Dzana a Filipo anatuluka thukuta mpaka ng'ona inawaluma chidendene."

A Nagama okha ndi amene sankaseka. Anasiyira mnzawo benchi ya tomato, anakwera lole ya makala, n'kupita ku Tadyakale. Ku Unduna Woona za Kuona anaima pamzere masiku atatu, chifukwa tsiku lililonse kunkabwera wina wamkulu kuposa iwo. Tsiku lachinayi anatopa nazo, anazungulira kuseri, n'kupeza kaofesi ka pansi pa masitepe mmene munali a Waisoni.

"Ndinu amene munazika chimaso chija kwathu?" anafunsa a Nagama.

"Ndine, mayi."

"Chinaona mlatho ukugwa kapena chinaphethira?"

A Waisoni anatseka chitseko. "Chinaona zonse. Kungoti tsiku limenelo lili pamzere, silinafike." Anatenga pensulo n'kulemba kuseri kwa envelopu. "Mlatho unakhala masiku sevente. Tsiku lililonse likufuna masiku anayi. Ndiye kuti kunyumba yachifumu ugwa kumayambiriro kwa Ogasiti. Ukagwa pativi, mlandu wa amuna anu wathera pomwepo."

"Ogasiti! Amuna anga, bambo a Siyeni, ali ndi chifuwa, mukudziwa inu? Munthu wosambira m'mtsinje moyo wake wonse mukumugoneka pasimenti mpaka Ogasiti?"

"Ine ndimangolumikiza mawaya, mayi."

A Nagama anabwerera kwawo mtima ukuwawa, n'kuyamba kudula timizere pachipupa cha kukhitchini, tsiku lililonse kamzere. Tsoka lake, nduna Chakwaniratu nayo inkadziwa masamu. Mu Juni, tivi itafika pa Khirisimasi, ndunayo inaona kuti kwatsala masiku khumi ndi asanu okha a mlatho. Inalamula kuti kabokosi kaja katsitsidwe pamtengo, kaikidwe m'dzenje, kavindikiridwe ndi beseni lachitsulo, ati kukateteza ku dzuwa. Netiweki inatsala ya mpweya chabe. Tsiku limodzi linayamba kufuna masiku makumi awiri.

Ndiye Khirisimasi ya ku Kwaiwalika inakhala pativi ya mfumu pafupifupi masabata atatu. Mfumu inaitana akazembe a mayiko ena kudzaona anthu olemera, ovala zatsopano tsiku ndi tsiku. Inawaonetsanso mvula ikugwa mu Juni, chinthu chimene sichinachitikepo mu ulamuliro wa Ndaonakale Woyamba, Wachiwiri ngakhale Wachitatu. Unduna wa Zaulimi unalamula dera lonselo kuti libzale chimanga msanga. Chimene chinaikhudza kwambiri mfumu ndi bambo wina woledzera amene anavina pakati pa mlatho kwa masiku atatu osagwa.

"Anthu akundikonda chotere ine ndili pano?" inatero mfumu, misozi ili lengelenge. "Konzani galimoto. Ndikaponde mlatho wanga ndi phazi langa."

Mayo ine, nduna Chakwaniratu! Inanena za mabampu, za udzudzu, za fumbi, koma mfumu inali itanena. Mu Julaye, kukuzizira koopsa, mdipiti wa galimoto makumi atatu unafika kudoko. Ana a sukulu anaimba, amayi anavina. Mfumu inatsika, inayenda mpaka pamene msewu unathera, n'kuyang'ana zitsa ziwiri zija ndi madzi akudutsa pakati.

"Chakwaniratu, mlatho wanga uli kuti?"

Nduna inagwada n'kupereka tabuleti, kativi ka m'manja, ndi manja awiri. "Uwu, Mfumu ya Mafumu. Laivu."

Mfumu inayang'ana tabuleti, inayang'ana mtsinje, inayang'ananso tabuleti. "Ndiye ndikhulupirire chiti?"

"Chithunzichi chakhala chikukutumikirani kuyambira Novembala, Mfumu ya Mafumu. Mtsinjewu mwauona lero. Wamkulu ndani?"

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira. "Mtsinje ngwamwano. Tiyeni tiwoloke."

Nduna inali itakonzeka. M'galimoto yomaliza, pakati pa mipando yapulasitiki ndi makireti a zakumwa, munali a Yotamu, ataonda ngati nkhafi yawo yomwe. A Nagama atawaona anafuula, "Bambo a Siyeni!" koma asilikali anawatchinga. Bwato linamasulidwa, linayalidwa kapeti wofiira, mfumu inakwezedwamo maso ali pa tabuleti. A Yotamu anapalasa kupita tsidya, anapalasa kubwerera, akutsokomola njira yonse. Mfumu sinadzutse mutu ngakhale kamodzi.

"Mlatho wabwino," inatero itatsika. "Koma ukugwedera pang'ono, ukununkha nsomba, ndiponso ukutsokomola. Muuone."

Apa akatswiri a malamulo anakhala pansi pa mkuyu kuti aunike nkhaniyi. Mfumu yawoloka, aliyense waona. Mfumu singawoloke pa bwato, chifukwa bwato n'loletsedwa. Choncho chimene mfumu yawolokerapo ndi mlatho. Dzuwa lisanapendeke chikalata chinadindidwa: kuyambira lero, Yotamu Chikadza pamodzi ndi bwato lake ndiye Mlatho wa Ndaonakale Wachinayi. Anawapaka laimu m'miyendo, anawapachika nambala ya boma pakhosi, n'kusiya asilikali awiri oti aziulonda. Mlatho suchoka pamtsinje. Mlatho sugona m'nyumba. Mlatho sulandira malipiro, ndipo suyankha anthu akaupatsa moni.

Nyumba ya a Yotamu inali pamtunda pomwepo, utsi wa kukhitchini kwawo ankauona ali m'bwato. Koma unyolo unali kumwendo. Ankawolotsa anthu kuyambira m'bandakucha, n'kugona m'bwato momwemo, mphepo ya Julaye ikuwomba pamadzi. Tsiku loyamba a Nagama anabwera ndi phala m'kambale, msilikali anawaimitsa.

"Mayi, n'koletsedwa kutaya zinyalala pa mlatho."

"Ndikukonza mlatho," anatero a Nagama. "Mfumu inati muuone, ukutsokomola. Kapena mukufuna ndikanene kuti mwaletsa ntchito yokonza?"

Msilikaliyo anapatuka. A Nagama anakhala pamphepete pa bwato n'kumawayang'ana amuna awo akumwa phala.

"Nagama," ananong'ona a Yotamu, "kundende kunali bwino. Kunali denga."

"Musayankhule, angakumveni. Milatho siyankhula. Pirirani mpaka Ogasiti, uja ukagwe pativi."

"Ogasiti sindifika ine."

A Nagama anatenga kambale kawo n'kukwera kumtunda, ndipo atafika kuseri kwa nyumba analira kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi. Ankaopa, ndipo mantha ake anali oti adzaika m'manda munthu amene boma lidzakana kuti anali munthu.

Mawa lake pamsika panafika a Waisoni. Anali atatsalira kuti apukute galasi la kamera, pakuti nduna inati fumbi la mdipiti lingadetse mlatho. Anaima pabenchi ya a Nagama n'kumasankha tomato mosafulumira.

"Ogasiti wanu uja ali kuti?" anafunsa a Nagama osawayang'ana.

"Anamuvindikira ndi beseni. Mmene zililimu, mlatho ugwa chaka chamawa."

"Ndiye mwabwera kudzagula tomato wa pamaliro?"

A Waisoni anatembenuza tomato mmodzi, anamuyang'ana pansi. "Ine sindinanene kanthu, mayi. Ndangoti phiri la Mvereni n'lokongola, ndipo pamwamba pake netiweki imadzaza mizere yonse. Ndangotinso kabokosi kaja sikalemera kuposa dengu ili. Masiku onse ali m'kati mwakemo, kamera ingotsala. Koma sola ndi batire zisasiyidwe, waya wofiira pofiira, wakuda pakuda."

"Nanga zija zoti kabokosi sikakhala pamwamba pa nkhope ya mfumu?"

"Pamenepo ndiye pandikanika ine, ndi sukulu yanga yonseyi."

"Sukulu yake iti," anatero a Nagama. "Tengani tomatoyo, ndakupatsani."

Lachisanu m'mawa, dzuwa lili swee, amayi khumi ndi awiri a pamsika anatsikira kudoko atavala nsalu za nkhope ya mfumu, akuimba nyimbo zotamanda. Anazula chikwangwani cha mfumu n'kuchisenza anayi. Ena anavundukula beseni. Kabokosi kanalowa m'dengu la a Nagama, batire pamutu pa wina, sola pamutu pa wina.

"Imani! Mukupita nazo kuti?" anakuwa msilikali.

"Mfumu yakhalitsa kudambo, udzudzu ukuiluma," anatero a Nagama. "Tikukaiika pamwamba pa phiri, dziko lonse liziiona. Inu mukufuna ikhale pansi?"

Funso limenelo, m'dziko la Zonsezilibwino, lilibe yankho lotetezeka. Asilikaliwo anayang'anana. Kalata yawo inkati alonde mlatho, ndipo mlatho unali pomwepo ukutsokomola. Anaimika sailuti chikwangwani chikudutsa. Pamwamba pa Mvereni amayi anazika nkhope ya mfumu pamwala wautali kuposa yonse, kabokosi n'kukaika m'munsi mwake mwaulemu, waya wofiira pofiira, wakuda pakuda. Kanayaka timagetsi tinayi tobiriwira. Anagawana masiku olondera, kuopa anyani.

Kunyumba yachifumu, anthu a pativi anadzidzimuka n'kuyamba kuyenda ngati anthu. Mayi amene mwendo wake unali m'malere kuyambira Lachitatu anauponda pansi n'kupita. Mfumu inaimirira.

"Taonani! Ndangowayendera kamodzi, ayamba kuyenda msanga. Chitukuko chimenechi! Wachita zimenezi ndani?"

Nduna Chakwaniratu sinkadziwa chimene chachitika, koma chibadwire sinalolepo kuti chiyamiko chidutse osachigwira. "Ndine, Mfumu ya Mafumu."

Anaiveka mendulo pomwepo. Mfumu inalamulanso kuti aliyense wobwezera anthu ake ku kuyenda kwa kale adzaponyedwa kwa ng'ona za Sukambirana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Madzulo ake nduna inamatula pang'ono kona ya sitika ija, inaona deti, n'kukhala pansi. Kwa masabata awiri inaonda mendulo ili pachifuwa, ikuonerera Disembala akutha, chaka chatsopano chikulowa, madzi akukwera tsiku ndi tsiku.

Tsikulo linafika mfumu ikudya chakudya cha m'mawa ndi akazembe, pakuti inkakonda kuwaonetsa tivi. Anaona mitengo ikubwera, nthochi, denga la munthu. Anaona wakabaza akutaya njinga. Mlatho unagwada, n'kupita. Supuni inagwa m'manja mwa mfumu.

"Wagwa," inatero. "Pamaso panga. Laivu." Inatembenukira kwa nduna zake. "Ndipo unkatsokomola. Ndinakuuzani kuti muuone!"

Kunalengezedwa masiku asanu ndi awiri a maliro. Mbendera zinatsitsidwa. Wailesi inkaimba nyimbo zachisoni zokhazokha, ndipo inkakumbutsa anthu kuti mlathowo wagwa mu Ogasiti, utatumikira miyezi isanu ndi inayi, umboni wa simenti yabwino ya Timangamawa. Mfumu inalamula kuti kamera izimitsidwe, ati diso limene laona zotere liyenera kupuma. Motero masiku onse otsala pamzere, kuphatikizapo lija la kapeti wofiira m'bwato, anafera m'kabokosi. Nduna Chakwaniratu inapuma mpweya wautali, ndipo inakwezedwa kukhala Nduna Yoona za Maliro a Zomangamanga.

Pamsika wa Tionabwanji anthu anavula zipewa.

"Mwamva? Mlatho wagwa."

"Aa, zoona? Liti?"

"Dzulo, pa wailesi."

"Tsoka ilo. Ndiye tiziwoloka bwanji?"

Akatswiri a malamulo anakhalanso pansi. Mlatho wa Ndaonakale Wachinayi wapita ndi madzi, mfumu yaona. Yotamu Chikadza ndiye Mlatho wa Ndaonakale Wachinayi, chikalata chilipo. Choncho Yotamu Chikadza wapita ndi madzi. Dzina lake linafufutidwa m'kaundula wa katundu wa boma, ndi m'kaundula wa akaidi, ndi wa amoyo. Asilikali aja analandira uthenga pafoni woti abwerere, popeza sangalonde chinthu chimene kulibe. Anamasula unyolo, poti unali wa boma, anavula nambala pakhosi paja, n'kunyamuka osatsanzika.

A Yotamu anayesa kuimirira m'bwato, miyendo inakana. A Nagama anamanga nsalu m'chiuno, anawabereka kumsana bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kukwera nawo kumtunda, anthu a pamsika akuwatsatira chete. Anawasambitsa madzi otentha, laimu n'kuchoka m'miyendo. Adokotala a pachipatala anabwera okha ndi jakisoni, ndipo sanalembe dzina m'buku, poti munthu wopita ndi madzi salembedwa.

Patapita sabata, galimoto yakuda inaima pakhomo. Inali nduna Chakwaniratu, itavala suti yakuda, itanyamula nkhata ya maluwa ndi bulangete latsopano la chipepeso, ojambula a wailesi ya kanema ali pambuyo. A Yotamu anali pakhonde pomwepo, atatsamira chipupa, akuothera dzuwa, kapu ya phala ili m'manja. Nduna inawadutsa ngati mtondo, n'kugwira dzanja la a Nagama.

"Mayi, Mfumu ya Mafumu yandituma kudzapepesa. Dziko lonse likulira nanu."

"Zikomo, bwana. Chaona mnzako chapita."

"Tikupemphani mulire pang'ono, ajambule."

"Ndinalira kale mu Julaye, bwana, kuseri kwa nyumbaku. Mwina sizinafike, zili pamzere."

Nduna inatsokomola, inakonza tayi, n'kuyang'ana kamera. "Malemu anali mlatho wabwino. Wolimba, wodekha, wosadandaula. Ananyamula mfumu pamsana pake osapempha kanthu. Milatho yotere siipezekanso."

A Yotamu, amene chibadwire sanayamikiridwepo ndi munthu wa tayi, anaika kapu pansi n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Zikomo kwambiri, bwana."

Ojambula anauma pomwepo. Nduna inayang'ana kumwamba, kenako kuphiri, kulikonse kupatula pakhonde. A Nagama analandira bulangete lija ndi manja awiri, anagwada pang'ono monga mwa mwambo, analitambasula, n'kuwafunditsa amuna awo kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, nduna ikuona.

"Khalani chete, bambo a Siyeni," anatero, akupinda bulangete kuti mphepo isalowe m'khosi. "Inu munapita ndi madzi. Imwani phala lisanazizire."